Kagalu kanga kasiya kundimvera: kodi kakufunika chikoti?

Funso: Ndili ndi kagalu kakakazi ka miyezi 4, dzina lake Chigumu. Ndinamutenga ali ndi masabata 8, ndipo masiku oyamba anaphunzira msanga kukhala pansi ndikamuuza. Koma tsopano ndikamuitana amangondicheukira n'kupitiriza kununkhiza kuseri kwa nyumba, mwinanso kuthamangitsa nkhuku za aneba. Mabisiketi amene ndinkamupatsa sakuwafunanso. Bambo a kunyumba akuti ndikumulekerera, akuti galu wolondera amafunika chikoti ndi kumutsekera m'khola tsiku lonse kuti akhale waukali. Kodi ndichite chiyani kuti ayambirenso kundimvera? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Chigumu si wamakani ndipo simunamuwononge. Zimene mwafotokozazi timaziona pa tiagalu tambiri tikafika miyezi 4 kapena 5. Pamene munkamutenga, dziko lake lonse linali miyendo yanu, ankaopa kutalikira nokha. Pano wakula, mantha achepa, ndipo wazindikira kuti kuseri kwa bafa kumadutsa makoswe usiku, kuseri kwa mpanda kuli nkhuku. Bisiketi youma inali yokwanira m'khitchini mopanda china chomusokoneza, koma singapikisane ndi nkhuku imene ikuthawa ikukupiza mapiko.

Nyama imabwereza chinthu chimene chaipindulira, n'kusiya chimene sichikuipatsa kanthu. Edward Thorndike anaonetsa zimenezi ku America mu 1898 poyesa amphaka otsekeredwa m'mabokosi, ndipo kuphunzitsa agalu kwa masiku ano kwatsamira pamenepo. Koma pali chinthu chimodzi chimene eni agalu ambiri amachiphonya, ndipo ndicho phata la yankho langa: wosankha kuti mphotho ndi chiyani ndi galuyo, osati inu. Mungaganize kuti mwamupatsa chinthu chabwino, koma ngati iye sakuchifuna pa nthawiyo, simunamupatse kalikonse. Munthu wa ganyu amene munagwirizana naye mtengo wolimira munda wofewa sangavomere kuswa tsala la zitsa pa mtengo womwewo. Kubwera mukamuitana m'khitchini ndi munda wofewa uja. Kusiya nkhuku imene watsala pang'ono kuigwira ndi tsala, ndipo malipiro ake ayenera kukwera.

Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kufufuza zimene Chigumu amakonda, ndipo njira yake ndi kumufunsa mwiniwakeyo. Wiritsani chiwindi cha nkhuku kapena nthutumba popanda mchere ndi anyezi, muduledule tizidutswa tofanana ndi njere ya chimanga. Tengani bonya kapena usipa pang'ono, muutsuke kuti mchere uchoke. Mukhalenso ndi kadzira kowiritsa ndi bisiketi ija. Fumbatani china m'dzanja lamanja, china lamanzere, mumununkhize onse awiri, kenako muone dzanja limene akukanda ndi kukankha ndi mphuno. Sinthanitsani manja kuti musanamizidwe ndi chizolowezi chake chopita mbali imodzi. Pakatha masiku angapo mudzadziwa chimene chili pamwamba, chapakati ndi chapansi. Chapamwambacho musamachimwaze wamba. Chisungireni ntchito yovuta, makamaka kubwera mukamuitana panja. Pa zinthu zopepuka monga kukhala pansi m'nyumba, chakudya chake cha masiku onse chikwanira.

Pa za mabisiketi aja ndili ndi chikaiko china. Kagalu kamakhala ndi mano a mkaka 28, ndipo kuyambira cha pa miyezi 4 mpaka 6 kapena 7 amaguluka kuti pamere mano 42 a galu wamkulu. Nkhama zimawawa, zimatupa, nthawi zina mumapeza kadontho ka magazi pa chinthu chimene amatafuna. N'kutheka ndithu kuti Chigumu sanatope ndi kukoma kwa bisiketi, koma kuuma kwake kukumupweteka. Mutukuleni mlomo muone. Zofewa zimathandizanso chifukwa amameza msanga, phunziro silidukiza podikira kuti amalize kutafuna. Ndikumbutsenso kuti mabisiketi a anthu ali ndi shuga wambiri, ndipo a chokoleti ndi oopsa kwa galu. Anyezi, adyo, mphesa ndi mafupa ophika a nkhuku nazonso musamupatse.

Nthawi yophunzitsira ndi yofunika. Kagalu ka msinkhu umenewu kamadya katatu pa tsiku. Muzimuphunzitsa atatsala pang'ono kudya, ndipo mutha kutapako pa chakudya chake chomwecho n'kumamupatsa ndi dzanja pophunzira. Ngati mbale yake imakhala ndi chakudya tsiku lonse, palibe chifukwa choti achigwirire ntchito. Koma sindikunena kuti mumumane chakudya kuti amvere, ayi. Kagalu kanjala kwambiri sikaganiza, kamangolumphira dzanja, ndipo kakukula kamafunika kudya mokwanira. Masana a dzuwa la mu Okutobala kuno ku Blantyre musavutike n'komwe, amangofuna mthunzi ndi madzi. M'mamawa ndi madzulo ndiye nthawi yake.

Si galu aliyense amene mtima wake uli pa chakudya. Mu 2016, gulu la Gregory Berns pa yunivesite ya Emory ku Atlanta linaphunzitsa agalu 15 kugona phee m'makina a MRI, amene amajambula za mkati mwa thupi, n'kumaona mmene ubongo wawo ukuchitira akamayembekezera chakudya ndiponso akamayembekezera kuyamikiridwa ndi mbuye wawo. Ambiri mwa agaluwo anasonyeza kukondwera ndi mawu a mbuye wawo mofanana ndi chakudya kapena kuposa, ndipo ochepa okha ndi amene anaika chakudya patsogolo kotheratu. Agaluwo anali ochepa, koma phunziro lake ndi loona: agalu amasiyana. Poti Chigumu amakonda kuthamangitsa zinthu, ndikuganiza kuti masewera angamukoke kwambiri. Ng'ambani chitenje chakale, muchiluke ngati chingwe chokhuthala, muzichikoka pansi mochinjenjemeretsa kuti achithamangire n'kuchigwira, kenako mukokanekokane pang'ono. Chingwecho chizikhala chanu, muzichitulutsa pa nthawi ya phunziro yokha n'kuchibisanso. Mpira wa mapepala apulasitiki umene ana amasewera usakhale wake, chifukwa akaung'amba n'kumeza umatseka matumbo.

Kumusisita kumutu nakonso muziona bwino. Ife timayesa kuti ndi chikondi, koma agalu ambiri sasangalala ndi dzanja lobwera kuchokera pamwamba. Mukaona akuweramitsa mutu, akunyambita milomo, akuyang'ana kumbali kapena kubwerera m'mbuyo, dziwani kuti wangopirira. Yesani kumukanda pachifuwa kapena pansi pa khosi, musiye pang'ono. Akadzikankhira kwa inu kuti mupitirize, chimenecho ndiye chimamukomera.

Tsopano za kapatsidwe ka mphothoyo. Galu amalumikiza mphotho ndi chimene akuchita pa kamphindi komweko. Mukachedwa masekondi angapo mukufufuza m'thumba, iye wanyamuka kale, ndipo mwamulipira chifukwa cha kunyamukako. Sankhani liwu limodzi lalifupi, mwachitsanzo "Eya!", loti muzilinena pa nthawi yeniyeni imene wachita bwino, chakudya n'kutsatira pambuyo pake. Tengani kansomba pakati pa zala, mukaike pamphuno pake penipeni, ndiye mukakweze pang'onopang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu wake. Mphuno idzatsatira m'mwamba, maso ali pa zala zanu, ndipo mudzaona miyendo yakumbuyo ikupindika yokha. Matako akangogunda pansi, "Eya!", n'kumupatsa. Akalumpha ndiye kuti dzanja lakwera kwambiri, litsitseni. Akachita bwino kangapo, chitani chimodzimodzi ndi dzanja lopanda kanthu, chakudya chichokere m'thumba mutanena kale "Eya!". Pamenepa m'pamene ambiri amakodwa. Akazolowera kuona chakudya kaye asanamvere, amaphunzira kuyang'ana manja anu, ndipo akaona kuti mulibe kanthu amangochokapo. Chakudya chizibwera pambuyo pa ntchito, asamachione pasadakhale.

Phunziro lililonse likhale la mphindi 2 kapena 3 basi, kangapo pa tsiku. Lekani iye akufunabe. Mukaona wayamba kuyasamula, kudzikanda khosi kapena kununkhiza pansi phunziro lili mkati, ndiye kuti watopa kapena wasokonezeka. Mupatseni chinthu chopepuka chimene akuchidziwa, mumulipire, mutsekere pomwepo. Tiagalu timagona maola ambiri zedi pa tsiku, ndipo kagalu kosagona mokwanira kamaluma manja ndi kulumphalumpha ngati kosamva.

Ndikhazikike pa kuitana kuja, chifukwa ndi lamulo limene tsiku lina lidzamupulumutsa kwa galimoto pamsewu. Dzifunseni kuti masiku ano mumamuitana nthawi ziti. Nyumba zambiri yankho limakhala lakuti pofuna kumutsekera m'khola, pomusambitsa, kapena akalakwa. Ngati ndi choncho, Chigumu waphunzira bwino lomwe kuti liwu loti "bwera" limatanthauza kutha kwa zosangalatsa. Kuti musinthe zimenezi, muzimuitana kawirikawiri popanda chifukwa, akafika mumugwire kolala pang'ono, mumupatse chiwindi, kenako mumutaye abwerere kumene amasewera. Nthawi zochuluka zikhale zotere, zomutsekera zikhale zochepa. Ikafika nthawi yomulowetsa m'khola, pitani mukamutenge nokha osamuitana, ndipo m'kholamo akapezemo chakudya chake.

Akabwera, ngakhale atachedwa chotani, ngakhale atangoswa mphika wa maluwa, musamukalipire. Ndikudziwa kuti mtima umakhala utakwera, koma chimene akumbukire iye n'chakuti anafika kwa inu n'kulandira mkwiyo. Musamuthamangitsenso, chifukwa kwa iye amenewo ndi masewera okoma, ndipo simungamupeze. M'malo mwake ombani m'manja, mutchule dzina lake mokondwa, muthawe kulowera kwina. Kagalu kokonda kuthamangitsa sikapirira kuona munthu akuthawa, kadzakulondolani. Ana a pakhomo angathandize kwambiri: akhale motalikirana pabwalo, aliyense atafumbata tinsomba, azimuitana mosinthana. Masewera amenewa amaphunzitsanso anawo kuti galu saponyeredwa miyala.

Liwu loitanira muzilinena kamodzi. Mukamangoti "bwera, bwera, bwera" iye ali kalikiliki kukumba, liwulo limasanduka phokoso wamba. Mukaona kuti pano sabwera, musawononge liwu. Gulani chingwe chopepuka cha mamita 5 kapena 10, muchimange pakolala mukakhala naye panja, kuti asathe kunyalanyaza n'kupita kutali. Chingwecho si chomukokera mwaukali, n'chongomuletsa kupitirira. Musamusiye nacho yekha, angakoledwe. Dziwaninso kuti galu akaphunzira chinthu m'khitchini sizitanthauza kuti akuchidziwa paliponse. Yambirani m'nyumba, mupite pakhonde, kenako pabwalo popanda nkhuku, kenako nkhuku zili patali, n'kumayandikira masiku akamapita. Akalephera, ndiye kuti mwafulumira. Bwererani pamene amakhoza.

Pali njira ina imene ndimaikonda chifukwa siifuna chiwindi. Katswiri wa za khalidwe David Premack anaonetsa mu 1959 kuti chinthu chimene nyama ikufunitsitsa kuchita chingakhale mphotho ya chinthu chimene sikuchifuna kwenikweni. Chigumu akufuna kununkhiza kuseri kwa nyumba. Muli naye pachingwe, imani patali pang'ono ndi malowo, mumuitane. Akangotembenuka n'kubwera, nenani "Eya!" n'kuthamanga naye limodzi mpaka pamalo paja, anunkhize mmene angafunire. Pakhomo chimodzimodzi: akhale pansi kaye, chitseko n'kutseguka. Mbale ya chakudya itsike iye atakhala. Pang'onopang'ono amazindikira kuti zonse zimene amafuna zimadzera mwa inu, ndipo amayamba kukuyang'anani kumaso asanachite chinthu. Musamuletse kununkhiza, chifukwa galu amadziwa dziko ndi mphuno, ndipo kagalu kamene kanunkhiza mokwanira kamagona bwino.

Nkhuku zokha ndiye ayi. Kuthamangitsa kumadzilipira kokha, ndipo nthawi iliyonse imene wachita, chizolowezi chimazama. Tsekani mipata ya mpanda, ndipo nkhuku zikakhala pafupi akhale pachingwe. Akaziyang'ana n'kucheukira kwa inu, mulipireni chapamwamba chija mosaumira, kenako mutulutse chingwe cha chitenje athamangitse chimenecho. Nkhaniyi musaitenge mopepuka. Nkhuku ikafa mlandu ndi wanu, ubale ndi aneba umasokonekera, ndipo agalu ambiri m'makwalala athu amafa ndi poizoni pa zifukwa zoterezi.

Kwa bambo a kunyumba, nkhawa yawo ndi yomveka. Akufuna pakhomo potetezeka usiku, ndipo njira imene akunenayo ndi imene ambirife tinakula tikuiona. Koma ine sindigwirizana nayo, ndipo ndili ndi zifukwa. Ofufuza a pa yunivesite ya Bristol ku England anafunsa eni agalu mu 2004 n'kupeza kuti agalu ophunzitsidwa ndi mphotho amamvera kwambiri, pomwe olangidwa kawirikawiri amakhala ndi makhalidwe ovuta ochuluka. Mu 2020 ofufuza a ku Porto ku Portugal anayerekeza agalu 92 a m'masukulu osiyanasiyana ophunzitsira agalu, n'kupeza kuti ophunzitsidwa mwa kukokedwa ndi kukalipiridwa amasonyeza mantha ambiri, ndipo m'malovu mwawo mumakwera cortisol, mahomoni amene thupi limatulutsa likapanikizika. Chikoti chimaletsadi galu pa nthawiyo, koma sichimuuza choyenera kuchita, ndipo chimamuphunzitsa kuti dzanja la munthu ndi loopsa. Galu wotere ndi amene amaluma mwana wa mlendo amene watambasula dzanja kuti amugwire.

Mwina bambo anganene kuti galu amadziwa akalakwa, chifukwa amapinda mchira n'kugwetsa makutu. Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anayesa zimenezi mu 2009. Eni agalu ankauzidwa kuti galu wawo waba chakudya ngakhale pamene sanabe, ndipo agalu osalakwawo ankaonetsa nkhope yomweyo ya "wolakwa" akangoyamba kukalipiridwa. Nkhope ija ndi yopepesa mkwiyo umene akuuona, osati yokumbukira nsapato imene anatafuna m'mawa. Kumumenya madzulo chifukwa cha za m'mawa kulibe chimene kumaphunzitsa.

Mlonda wabwino ndi galu amene amasiyanitsa zachizolowezi ndi zachilendo, ndipo sangasiyanitse ngati sanaone zachizolowezizo. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine ku America n'kufalitsa zotsatira mu 1965, anasonyeza kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 ndi pamene kagalu kamazolowera anthu ndi zinthu mosavuta. Chigumu wangodutsa kumene nthawi imeneyi, koma akadali wofewa, m'mera mpoyamba. Aone abambo ovala zipewa, ana a sukulu, a kabaza, njinga zamoto, ogulitsa makala, ali patali pamene sakuchita mantha, inu mukumupatsa tinsomba. Musamukakamize kuyandikira chimene akuopa. Kuuwa alendo kudzabwera kokha akamakhwima, palibe chifukwa chokuphunzitsira ndi ululu. Wotsekeredwa m'khola lotentha tsiku lonse amauwa chilichonse, mpaka apakhomo amasiya kudzuka akauwa usiku. Tsabola amene ena amathira m'chakudya kuti galu aluse amangomupweteka m'mimba. Khola likhale malo a mthunzi ndi madzi opumulirako maola ochepa. Mukanatha kuwapempha bambowo kuti azimudyetsa madzulo ndi kumuphunzitsa "khala" okha, mtima wawo ungasinthe msanga kuposa mmene mawu anga angausinthire.

Mwina mukufunsa ngati muziyenda ndi chiwindi m'thumba moyo wonse. Ayi. Akadziwa lamulo bwino m'malo osiyanasiyana, yambani kusinthasintha: pena nsomba, pena chingwe chosewerera, pena mawu okoma okha, pena kumutsegulira geti. Osangosiya zonse tsiku limodzi, chifukwa khalidwe losapindula limazilala. Kubwera mukamuitana kokha ndiye muzikulipira mowolowa manja ngakhale atakula.

Konzekeraninso kuti kutsogoloku adzabwerera m'mbuyo pang'ono. Kafukufuku wa Lucy Asher wa ku yunivesite ya Newcastle, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti agalu a miyezi 8 amanyalanyaza malamulo a owasamalira kuposa mmene ankachitira ali ndi miyezi 5, kenako n'kudzakhazikikanso. Nthawi imeneyi ndi imene anthu ambiri amataya mtima n'kupereka galu kwa ena kapena kumumanga pa tcheni mpaka kalekale. Ikafika, bwererani ku chingwe chachitali ndi malipiro apamwamba, ipita. Poti ndi wamkazi, pakati pa miyezi 6 ndi 12 angayambe kufuna amuna, ndipo agalu a m'dera lonse adzasonkhana pageti panu. Kambiranani ndi dokotala wa ziweto nthawi isanafike za opaleshoni yomutseka kuti asabereke.

Zonsezi zikugwira ntchito ngati Chigumu ali bwino m'thupi. Akakana ngakhale chiwindi, akamangogona, musaganize za maphunziro. Yang'anani nkhama zake: zikakhala zoyererako m'malo mofiira, n'kutheka kuti ndi njoka za m'mimba kapena matenda obwera ndi nkhupakupa. Mimba yotupa ndi ubweya wosasalala nazonso zimaloza ku njoka, ndipo pa msinkhu wake amafunika mankhwala a njoka mwezi uliwonse mpaka atakwana miyezi 6. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi ndi chizindikiro cha parvo, matenda amene amapha tiagalu m'masiku ochepa, ndipo pamafunika dokotala tsiku lomwelo. Simunatchule za katemera m'kalata yanu. Wa chiwewe amabayidwa kuyambira miyezi 3, ndipo mu Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mwaulere chaka ndi chaka kuyambira 2015. Musadikire kampeni ngati ili kutali, pitani naye ku ofesi ya za ziweto kapena ku BSPCA, bungwe losamalira nyama la mu Blantyre, mukafunsenso ngati anamaliza katemera wa parvo musanayambe kuyenda naye m'misewu mmene mumadutsa agalu ena.